Laputopu ya Mayi Loya

Pulani inabadwira m'kachipinda ka kuseri kwa bala, mowa ukuchepa m'mabotolo, nzeru zikuchuluka m'mitu.

"Masiku ano chuma sichigona m'sefa ya ndalama," anatero Jenerali, mkulu wa gululo. "Chili m'laputopu. Banki, imelo, zinsinsi za anthu, zonse mphika umodzi. Ndikunama, Kiyibodi?"

Kiyibodi anatukumula chifuwa. Ukatswiri wake wonse anautola akusesa m'shopu yokonza mafoni, koma anzakewo sankadziwa, ndipo iye sankafuna kuti adziwe.

"Bola isatsekedwe, bigi. Ikagona imafuna pasiwedi. Tiitenge ili maso."

Anasankha loya wina, mayi womenyera nkhondo amasiye olandidwa nyumba. Mbava ilibe manyazi, imaba ndi pamaliro pomwe.

Mawa lake masana, mayiyo akuperekeza mlendo, Chimimba, wachitatu wawo, anatchinga zenera la ofesi yawo ndi thupi lake, Kiyibodi n'kusolola laputopu ili chitsegukire. Anadutsa nayo mumsewu ngati thireyi ya mazira, chala chikusisita kuti isagone, njinga zikumulizira mabelu.

Koma mayi loya sanakhale pansi n'kumalira. Anagwira foni. Anasintha mapasiwedi, anaimbira banki, laputopuyo n'kuitulutsa m'maakaunti ake onse, mafayilo a amasiye n'kuwakhoma.

Kuseri kwa bala, Jenerali anali akutikita manja.

"Tsegula banki."

Banki inakana.

"Imelo."

Imelo inasuzumira pang'ono n'kudzitseka pamphuno pa Kiyibodi.

"Aise, shasha wathu uja ndi ameneyu?" anatero Chimimba. "Makiyi ukuwakanda ngati nkhuku padzala."

Pomwepo kabokosi kanatulukira kokha, kokumbutsa za msonkhano. Kiyibodi anadina asanawerenge. Nkhope za anthu zinadzaza m'timazenera.

"Ndathyola," ananama. "Awa ndiye makanema achinsinsi aja."

Atatuwo anaunjikana, mitu kugundana.

"Ndi filimu ya khoti," anatero Chimimba. "Yotopetsa. Palibe yomenyana?"

"Madala a magalasiwo akufanana ndi woweruza amene amanditumiza kundende uja," anaseka Jenerali. "Dazi lake lomwelo, lowala ngati poto watsopano."

Madala aja anakweza mutu.

"Ndine ndemwe. Inu amene mwalowa m'khoti m'dzina la mayi loya, imirirani."

Thupi siliiwala sukulu yake. Jenerali, amene anakulira m'bokosi la oimbidwa milandu, anadzuka njo, chipewa n'kuvula, manja kumbuyo.

"Dzina?"

Anatchula lonse, ndi la ubatizo lomwe.

"Muli kuti?"

"Kuseri kwa bala yoyang'anizana ndi depoti, bwana. Chitseko chobiriwira. Chimavuta, amachita kukankha ndi bondo."

"Enawo ndani?"

"Wonenepayu anatchinga zenera, bwana. Woondayu ndiye ananyamula."

M'kazenera kena munaoneka mayi loya, amene analowa pafoni. Ankangomwa tiyi.

Kiyibodi anayamba kusendera kukhomo, mwakachetechete ngati mphaka wakuba nyama. Dzanja la Jenerali linamugwira pakolala.

"Ukupita kuti, iwe? Khoti lili mkati. Unaleredwa bwanji?"

Apolisi anakankha chitseko ndi bondo. Anapeza atatuwo ali chiimirire pamzere, popeza panalibe amene anawauza kuti akhale pansi.