Nthuli ya Mbuzi ndi Nthiti za Mkamwini

A Sajeni,

Munalonjeza katatu. Lamulungu la Kanjedza, titatuluka m'tchalitchi, munati phunziro lachiwiri lidzachitika Pasaka ikangopita. Pasaka inapita. Loweruka loyamba la Meyi munati mukudwala mwendo, tidikire masabata awiri. Tinadikira. Sabata yokumba mbatatesi munatumiza uthenga wakuti "posachedwapa", mawu amene pa zaka zonse za uphunzitsi wanga sindinawapezepo pa kalendala.

Zimene ndilembe pansipa ndi zochititsa manyazi, ndipo manyaziwo ndi anga. Koma ndaona kuti n'koyenera tigawane.

Mukukumbukira kuti komiti ya chitetezo cha m'dera lathu inakupemphani, monga msilikali wopuma, kuti mutiphunzitse ife akuluakulu kudzipulumutsa mbava ikatikanyanga pakhosi kuchokera kumbuyo. Munatipatsa masitepe anayi: chibwano pansi, kokera mkono wake pansi, ponda phazi lake ndi chidendene, chigongono m'nthiti uku ukutembenuka. Anzanga ankangoseka. Ine ndinalemba m'kope, ndipo m'mawa uliwonse ndinkayeserera pa mtengo wa pichesi kuseri kwa nyumba mpaka unayamba kusendeka khungwa. Phunziro lachiwiri, munatero inu nomwe, linali la kuzindikira mdani.

Loweruka lapitali masana tinapita kumsika pa Boma ndi akazi anga, mayi a Tadala. Dziwani kuti kuchipatala anandiletsa nyama yamafuta chifukwa cha bipi, ndipo mayiwa lamulolo amalisunga kuposa malamulo khumi. Iwo atalowa kogula kabichi, ine ndinakhotera pa chiwaya. Kunkazizira, munthu amafunika kutenthetsa m'mimba. Ndili pa nthuli yachitatu ya mbuzi, ndinaona chitenje chawo chikutulukira pakona. Ndinameza osatafuna.

Mpweya unatsekeka. Nthawi yomweyo manja awiri amphamvu anandigwira kuchokera kumbuyo, ndipo mawu ena anakuwa m'Chingerezi kuti ndikuchita "choke".

Tsono ine ndine munthu wa ku koleji, ndimaganiza mwadongosolo ngakhale pamavuto. Mpweya palibe. Munthu ali kumbuyo. Liwu lakuti "choke" ndi lomwelo munkalitchula inu pophunzitsa za kukanyanga pakhosi. Yankho: mbava.

A Sajeni, mukanandiona mukanalira ndi chimwemwe. Chibwano pansi. Mkono pansi. Chidendene cha nsapato yanga yachikopa chinatera pa zala zake ngati sitampa ya ku ofesi. Chigongono chinalowa m'nthiti, ndinatembenuka, ndipo mnyamata wa zaka zosakwana makumi atatu anagwera pa mulu wa tomato. Ine wa imvi mbuu ndili chilili! Nthuli nayo inatuluka pa sitepe yachinayi n'kukagwera pafupi ndi mapazi a mayi a Tadala.

Ndinayembekezera kuti anthu aombe m'manja. M'malo mwake wogulitsa nyamayo anagwira pakamwa n'kunena kuti, "A Hedi, mwamenya dokotala. Munatsamwatu inu, amakuthandizani."

Ndinamuuza kuti munthu wothandiza amayamba wapereka moni. Mayi a Tadala anayankha kuti manja a mnyamatayo anali pamimba, osati pakhosi, ndipo mphunzitsi wamkulu wopuma anayenera kudziwa kusiyana kwa ziwalo ziwirizi. Ndinati kusiyana koteroko ndi kwa phunziro lachiwiri.

Apa n'kuti mnyamatayo atadzuka, tomato ali thupi lonse. Sanakalipe. Anagwada, dzanja lina lili panthiti, n'kuyang'ana kumbali mwaulemu.

"Pepani bambo, ndakukhudzani mosayenera. Ndine Yohane."

"Yohane wake uti?"

"Wa Tadala uja," anatero mayi ake a mwana, mawu ali ozizira kuposa mphepo ya m'phiri. "Amene malume ake akubwera sabata yamawa kudzaonana ndi achimwene anga."

Inu mukudziwa mwambo wathu. Nkhani ya ukwati imayenda pakati pa amalume, bambo amangomva. Mnyamatayo ndinali ndisanamuonepo, koma iye ankandidziwa, ndipo mwezi wathunthu wakhala akundipatukira panjira monga achitira mkamwini wolangizidwa bwino. Tsiku loyamba kundiyandikira, ndi limeneli.

Nthiti sizinathyoke, zangotupa. Chala chimodzi chili m'bandeji. Koma malume ake atumiza mawu akuti ayamba aganiza kaye. Akuti ngati mwana wa mlongo wawo akumenyedwa pomwe akupulumutsa moyo wa apongozi ake, nanga akadzamanga nyumba pakhomo pathu, tsiku limene mbuzi yake idzadye chimanga changa adzatuluka wamoyo? Tadala sakundilankhula. Tiyi akungondiikira patebulo ngati akupatsa mlendo wosaitanidwa. Ukwati wa mwana wanga walendewera pa chigongono changa.

Kunyumba kulinso mkangano wa yemwe anatulutsa nthuliyo. Akazi anga akuti ndi Yohane. Ine ndikuti anandifinya kawiri osaphula kanthu, nthuli inatuluka nditatembenuka ine. Pa mfundo imeneyi sindisuntha, ngakhale ndalangizidwa kuti ndisaibwereze pamaso pa ankhoswe.

Choncho ndikufuna kalata yochokera kwa inu, yolembedwa ndi kusainidwa, imene achimwene a akazi anga akawerengere malume a Yohane. Inene zinthu zitatu: kuti sindine munthu wandewu, kuti ndinachita ndendende zimene munaphunzitsa, komanso kuti masitepe onse anayi ndinakhoza. Chachitatuchi musachisiye.

Ndaphunzirapo kuti munthu wa phunziro limodzi ndi woopsa kuposa mbava imene.

Yankho lanu lifike Lachisanu lisanakwane, ndipo likhale la papepala, osati la pakamwa. Mukasankha kudzalipereka nokha, chonde mudzere kutsogolo.