Chingwe cha pa Mlatho ndi Nsapato za Mazira

Pali malemu bambo anga, ndikanama mphenzi ing'ambe mpando uno ine ndili pomwepo! Zonsezi n'zoona zokhazokha. Inu, tamverani.

Chaka chimene chuma chinagwa chagada chija, mbava zinkakupisa m'thumba n'kukupepesa. Ine ndinali mfumu ya osoka nsapato. Nsapato yanga munthu ankafa n'kuisiya ikadali yatsopano! Koma makasitomala anayamba kuwoloka mlatho kukagula zotchipa kutsidya, mushopu n'kutsala ine ndi ntchentche.

Ndinasonkhanitsa amalonda a mbali yathu: telala, wometa, mayi wa buledi.

"Abale, nkhuku yanzeru sipalasira anapiye a eni! Katundu wakutsidya asalowenso kuno. Tizigulana tokhatokha!"

Anawomba m'manja mpaka nkhunda zinagwa padenga. Tinamanga chingwe pamlatho, mlonda wamkulu ine. Tsiku loyamba ndinabweza ngakhale mbuzi yakutsidya. Kutacha, akutsidya nawo anamanga chawo. Chonenepa kuposa chathu!

Madzulo mkazi wanga anabwera ndi dengu la mazira lodzaza monga linapitira. Paja ankagulitsa kutsidyako, ndipo pakhomo tinkadyera mazirawo, osati nsapato. Izi musakauze anthu.

"Bambo a chingwe, andibweza. Anawa adya chingwe chanucho?"

"Mayi, nkhondo ya chuma imafuna kupirira."

"Pirirani ndi mazirawa."

Tinadya mazira, anthu inu! M'mawa mazira, masana mazira, mpaka ndinayamba kulira kokoliliko m'bandakucha, tambala n'kumandiyang'ana mwansanje.

Makasitomala anabwereradi. Nditsegule bokosi: guluu watha, masoli atha. Zonsezo ndinkagula kwa mlamu wanga, kutsidya! Ndinakaima pachingwe.

"Alamu, taponyani kachitini kamodzi ka guluu!"

"Tizigulana tokhatokha, alamu!" Anatero akundibayibitsa.

Ine kugonja sindikudziwa. Ndinadula makatoni kukhala masoli, n'kumata ndi mazira. Zinagwira ngati simenti! Woyamba kugula anali telala uja. Ankapita kukaonekera kwa apongozi, buluku atamanga ndi waya poti mazipi nawonso ankachokera kutsidya.

Dzuwa litaswa mtengo, mazira aja anayamba kupsa. Fungo! Agalu a tauni yonse pambuyo pake, ena anachita kubwera pa basi. Telala liwiro, agalu akunyambita zidendene. Mvula nayo, wa! Katoni n'kusungunuka, waya n'kuduka. Anakafika kwa apongozi dzanja lina kubuluku, lina likuopseza agalu, kumapazi kutatsala zingwe zokha.

Anandibwerera onse. Telala akutukwana. Wometa alibe malezala, amuna akupunthwa pa ndevu zawo. Mayi wa buledi alibe yisiti, buledi wake tinkakhomera misomali.

"Kamasule chingwe chako, nkhalamba iwe!"

"Abale, kupirira..."

Anandinyamula m'mwambamwamba ngati mtembo wochedwa kumanda. Kufika pamlatho, zingwe zonse ziwiri kulibe! Mbuzi ndinabweza ija inali itazidya, ikubzikula pakati pa mlatho ngati bwana. Kutsidya, mkazi wanga wakhala kale phee akugulitsa mazira, dengu latsala theka. Anandiponyera chitini cha guluu, chinandipeza pamphumi apa. Gwirani, chotupa chake chilipobe.

Mukuti chiyani inu a jekete? Mazira sangamate nsapato? Zamkutu! Kafunseni agalu. Mpaka lero akandiona amanyambita milomo.