Mabotolo Asanu ndi Anayi a Malemu

LOLEMBA

Mwana wanga Chifundo waimba foni kuchokera ku Lilongwe. Mphindi 11. Mawu oti "tigulitse" wawanena kasanu ndi kawiri.

Akunena pikapu ya malemu bambo ake. Akuti ikungowola pansi pa mtengo wa mapeyala, ndipo wapeza kale wogula, abwera Lamulungu. Ndakana. Tamvana chonchi: Loweruka ndikaiyendetsa ndekha kuchoka kuno ku Chilomoni, kukafika kwa mng'ono wanga ku Machinjiri n'kubwerera, wogulayo amuuza asabwere. Ikalephera, ipite.

"Amayi, muli ndi zaka 71."

Ndikudziwa. Pikapu ili ndi 29. Tonse tikupuma.

Laisensi ndili nayo. Injini ndimailiza Loweruka lililonse mphindi khumi, monga ankachitira eni ake. Koma boneti sindinatsegulepo chikwatiwire. Malemu ankati, "Inu za choko, ine za oyilo."

Lero ndatsegula. Zotsekera zisanu ndi chimodzi! Ine ndinkayesa galimoto imamwa dizilo ndi madzi basi.

M'kachipinda kosungira katundu muli mabotolo 9 pa shelefu, onse a zakumwa, palibe lolembedwa. Bambo aja ankagula mafuta opimitsa m'magalaja ndi kwa a m'mbali mwa msewu, n'kumadziwa okha chili m'kati. Ndawamata manambala.

Dongosolo:
Lachiwiri, kudziwa za m'mabotolo.
Lachitatu, kufunsa odziwa.
Lachinayi, kuthira.
Lachisanu, kupuma.
Loweruka, Machinjiri.

Ndaphunzitsa sayansi zaka 34. Mabotolo 9 si kanthu.

LACHIWIRI

Galasi la zenera lakale, ndalitsamiritsa pa njerwa ziwiri. Dontho limodzi la botolo lililonse pamwamba, ine n'kumawerenga masekondi mpaka lifike pansi.

Botolo 1: masekondi 52. Lolimba, mtundu wa tiyi wopanda mkaka.
Botolo 2: 49. Mwina ndi mapasa.
Botolo 3: 140! Fungo la mazira owola. Ndatsegula mazenera onse.
Botolo 4: 9. Loyera mopita ku chikasu, lopanda fungo.
Botolo 5: 21. Lofiira bwino, munthu angathe kupatsa mlendo.
Botolo 6: 2. Madzi, koma madzi a chiyani?
Botolo 7: silikutsika. Ndadikira ola lathunthu. Lili pomwepo, likundiyang'ana.
Botolo 9: parafini. Ameneyu ndimamudziwa.

Botolo 8 ndalisiya padera chifukwa lili ndi nkhani. Mphindi zisanu zisanathe, nyerere zafika pa mzere wake. Ndawerenga 36, kenaka ndasiya. Ndagwira ndi chala, ndanunkhiza, ndalawa.

Uchi!

Munthu amene adokotala anamuletsa shuga, ine n'kumamuphikira tiyi wowawa zaka zisanu ndi chimodzi, iye n'kumati, "Ndikaone kaye oyilo." Katatu pa tsiku! Ndinkanyadira kuti ndinakwatiwa ndi mwamuna wosamala galimoto.

Ndakhala pa njerwa kanthawi ndithu. Kenaka ndapaka pa buledi. Ndi wabwino, wa kumudzi.

Funso la lero: chitsulo chimodzi chifuniranji mafuta a mitundu yonseyi? Munthu amayenda ndi magazi a mtundu umodzi okha.

LACHITATU

Ndirande, kofunsa. Anthu anayi, mayankho asanu, chifukwa mmodzi wasintha maganizo ndili pomwepo.

Mtsikana wa m'shopu ya masipeya: "Agogo, wamakono ndi uyu, wamadzimadzi. Ma V8 onse akumwa yemweyu."

Dalaivala wa minibasi: "Oyilo ndi oyilo, mayi. Ine ndimathira amene watsala kwa anzanga."

Bambo wogulitsa m'mbali mwa msewu watikita dontho pa zala, waliyang'ana pa dzuwa, n'kuti wake ndi wabwino pa injini, pa giya, ndi pa zipere.

Mayi wina pa siteji, sindinamufunse: "Mu rediyeta muziikamo dzira, siidontha." Laliwisi kapena lophika? Minibasi yake yanyamuka asanayankhe. Ndikuganizabe.

Pa zigubu pali manambala: 5W-30, 15W-40, 20W-50. Ndazindikira ndekha kuti nambala ikamakula, oyilo amalimba. Zandisangalatsa kwambiri moti ndamufotokozera mtsikana uja. Wati, "Mutenga uti, agogo?"

Ndatenga wake wamadzimadziyo. Chifukwa: kumbuyo kwa chigubu kuli mizere 43 ya malangizo, pamene zinazo zili ndi 12 kapena 15. Amene walemba zambiri ndiye kuti waganiza zambiri.

Ndapempha kuona mafuta a mabuleki. Oyera mopita ku chikasu, othamanga. Botolo 4 ndendende! Sindinagule, ndili nawo kale kunyumba.

Galaja ya Makwinja ndailambalala. Ndinamuphunzitsa Fomu 2, ankakhala benchi lakumbuyo, sayansi anapeza 18 pa 100. Lero ali ndi imvi, ndi antchito anayi, ndi magalimoto 13 pabwalo. Koma ine sindingakafunse nzeru kwa 18.

LACHINAYI

Kuchotsa oyilo wakale. Mphasa pansi pa galimoto, sipanala ya malemu, beseni lobooka m'mphepete. Kulowa, mphindi zinayi. Mawondo anena zawo.

Ndili pansipo, kukuwa! Mayi Nachisale, a nyumba yoyandikana, aona miyendo yokha itatulukira kunja. "Mayo! Amadamu yawaponda!" Amayi anayi alumpha mpanda wa maluwa, mmodzi wayamba kale nyimbo ya maliro. Ndalankhula ndili pansi pompo kuti ndili moyo, andipatsire sipanala. Andikoka miyendo. Ndalowanso.

Oyilo wakale watuluka wakuda bii. Gawo lina m'beseni, gawo lina m'khwapa.

Watsopano walowa mosavuta, ngati madzi a pa mpopi. Ndayeza ndi kachitsulo kake katatu. Wafika pa mzere.

Botolo lofiira akuti ndi la chiwongolero. Ndafunafuna pothira mphindi 40. Palibe! Pikapu iyi chiwongolero chake chimayendera mphamvu za manja. Nanga malemu ankalisungiranji? Ndalawako pang'ono, kuopa zina. Si uchi.

Kumbali ya dalaivala kuli timakapu tiwiri. Kakakulu n'ka mabuleki, n'kodzaza. Kakang'ono n'ka kilatchi, katsala pang'ono kuuma. Mtsikana wa m'shopu uja anati timakapu tonse tiwiri timamwa mafuta ofanana. Ndadzaza ndi botolo 4, ndapondaponda kilatchi maulendo 20 kuti alowe bwino.

Ntchito yatha 3 koloko. Ndadzipatsa 90 pa 100.

LACHISANU

Tsiku lopuma. Sindikupuma.

Pansi pa injini pali dambwe ngati mapu a dziko. Ndaikapo mbale, ndakhala ndi wotchi. Madontho 14 pa mphindi. Madontho 20 amapanga mililita imodzi. Ndiye kuti pa tsiku, lita imodzi. Ndaliza injini: madontho 40!

Chodabwitsa n'chakuti wakale uja, wakuda ndi wonyansa, sankadontha ngakhale pang'ono. Ndaganiza mpaka masana. Mukathira phala m'lichero limakhala. Mukathira madzi amadutsa. Injini iyi ndi lichero la zaka 29. Mizere 43 ija sinanene za lichero.

Komabe masamu akundilola. Machinjiri n'kubwerera sikupitirira maola awiri. Nditenga chigubu, ndiziima n'kumawonjezera. Chifundo sananene kuti isadonthe, anati iyende.

Mayi Nachisale aima pa mpanda: "Amadamu, galimoto yanu ikukodza." Ndawauza chiwerengero. Achoka.

Kilatchi ndaiponda madzulo. Yafewa ngati peyala lakupsa. Ndalemba m'kope kuti mwina ndi chizindikiro chabwino.

LOWERUKA

7 koloko ndavala, nsapato zafulati, magalasi oyendetsera. Mng'ono wanga waimba kuti wapha kale nkhuku. Anthu 8 pa geti kudzaonerera.

Kiyi kamodzi, injini yalira. Kukoma kwake!

Ndaponda kilatchi. Yapita pansi, yakhala komweko. Ndaikoka ndi chala cha phazi. Ndapondanso. Giya yakana, kulira ngati chigayo chagaya mwala. Maulendo 12. Anthu a pa geti afika 15.

Ndatumiza uthenga kwa Makwinja.

Wabwera pa njinga yamoto, wavula chipewa pa geti. "Madamu! Mukadali chimodzimodzi!" Wasuzumira mu kakapu ka kilatchi, wafunsa chimene ndathira, kenaka wapempha madzi m'tambula. Ndimayesa ali ndi ludzu.

Dontho la mu kakapu ka mabuleki: lasungunuka m'madzimo, lasowa. Dontho la botolo 4: layandama pamwamba, lozungulira ngati diso.

"A mabuleki amasakanikirana ndi madzi, Madamu. Oyilo amayandama. Munatiphunzitsa ndinu, tsiku lija munandigwaditsa pakhomo."

Botolo 4 ndi mafuta a makina osokera. Anga! Anasowa chaka chija ndinakalipira wantchito popanda chifukwa. Atupitsa timalabala tonse ta m'kati mwa kilatchi. Tatsopano akafuna ku Limbe, mwina Lachitatu, mwina mwezi wamawa, chifukwa za galimoto zakale zimenezi zikusowa. Wati ndithokoze kuti ka mabuleki kanali kodzaza.

Ndafunsa za oyilo wa injini. Wanunkhiza botolo 1 ndi 2. "Si uyu 20W-50? Bambo ankagula kwa ine." Anali pa shelefu sabata yonse.

Za dzira akuti laliwisi, choyera chokha, ndipo ndisayerekeze.

Mtunda umene ndayenda: mamita 0. Chifundo ndamuuza zoona.

LAMULUNGU

Wogula wafika nditangochoka ku tchalitchi. Che Amidu a ku Zingwangwa, ogulitsa matabwa, munthu waulemu, mkanjo woyera. Azungulira pikapu kawiri, agogoda matayala, amwetulira. Ndaona kuti aikonda.

Afunsa: "Ili ndi kavuto kalikonse, mama?"

Munthu akafunsa, amayankhidwa. Ndatulutsa kope. Mavuto 23, ndawawerenga mwa dongosolo, ndi madontho pa mphindi, injini yozima ndi yolira. Pa nambala 6 asiya kumwetulira. Pa 11 ayang'ana wotchi. Pa 15 akumbukira kuti ali ndi mlendo kunyumba. Asanu ndi atatu otsalawo ndawawerengera akuyenda kupita ku geti.

Chifundo waimba. Akuti Che Amidu akadziwa chinthu, Zingwangwa yonse yadziwa, ndi Limbe yomwe. Wogula wina sapezekanso.

"Ndiye mukhale nayo, amayi. Muziiwerenga."

Basi, pikapu ndi yanga. Ili pomwe inali, mbale pansi pake.

Nkhuku ija mng'ono wanga akuti waitenthetsa kachiwiri, kachitatu sizingatheke. Ndikupita pa minibasi. Ndipempha mpando wakutsogolo, ndikufuna kuona phazi la dalaivala.