Kwa a Wakomoka Sikunkafa Munthu

Pamzere wathu wa nyumba za lendi, aliyense ankadziwa kuti mufilimu yoonera kwa a Wakomoka simufa munthu. Kaya amuwombere, kaya agwe kuchokera pamwamba pa nyumba yosanja, mkulu wokonza mawailesiyu ankangopukusa mutu n'kunena kuti, "Wangokomoka ameneyo." Dzina lawolo linachokera pomwepo.

Sankauza ife ayi. Ankauza akazi awo, amene maso awo anachita ng'ala kalekale. Madzulo akatseka kashopu, ankakhala pambali pa mayiwo n'kumawafotokozera zochitika pakanema. Tsiku lina mayi analirira msilikali wamufilimu mpaka kukana chakudya, ndipo kuyambira pamenepo bamboyo analetsa imfa m'nyumba mwawo.

"Nanga kulira kumeneku, bambo?"

"Ndi ukwati uwo, mayi. Akulira ndi chimwemwe."

"Nyimbo yachisoni chonchi?"

"Oimba ake ndi otchipa."

Bwato likamira, onse ankadziwa kusambira. Bokosi la maliro linkasanduka katundu wa munthu amene akusamuka. Wometa tsitsi woyandikana nawo atayesa kuwatsutsa pamaso pa mayi, anamubwezera wailesi yake yosakonza, matumbo ali panja.

Ndiye kunabwera madokotala a maso. Mayi anachitidwa opaleshoni, ndipo atangochira anati, "Sabata ino ndikufuna ndione ndekha mafilimu onse aja."

A Wakomoka thukuta linangoti kamukamu. Kutchedwa wabodza sankaopa, anakuzolowera kwa eni mawailesi. Ankaopa kuti mayi akayamba kuona okha, mpando wapambali uja udzasowa ntchito. Sanali munthu wodziwa kunyengerera kapena kugula mphatso. Chimene ankatha kupatsa akazi awo chinali chokhacho.

Lolemba anaika zisudzo zoseketsa zokhazokha. Mayi anaseka mpaka kugwira nthiti, osafunsa kanthu, bamboyo ali duu ngati mlendo m'nyumba yakeyake. Lachiwiri anati magetsi ndi ofooka. Lachitatu munthu amene ankakonza mawailesi a dera lonse analephera kupeza chimene chavuta pakanema wake, mpaka mayi anaona waya ukusuzumira m'thumba la malaya a bamboyo.

"Maso atsopanowa ndi oopsa, achimwene," anadandaula a Wakomoka kwa wometa uja.

Anayesa mafilimu atsopano, poganiza kuti pamenepo palibe bodza lakale lowagwira nalo. Koma anthu ake ankafa ngati ntchentche nkhani isanayambe n'komwe, ndipo mayi ankangowayang'ana amuna awo cham'mbali.

Kumapeto kwa sabata mayi anasankha okha filimu yakale imene ankaikonda koposa, ya mphunzitsi wodwala chifuwa. Malinga ndi a Wakomoka, mphunzitsiyo anakomoka, kenako anadzuka n'kukwatira namwino. Filimu inayenda, mphunzitsi anagwa m'kalasi, ana asukulu ananyamula maluwa kupita kumanda. Bamboyo maso anali pa ming'alu ya simenti.

"Ndiye anafa?"

"Anafa, mayi."

"Nanga namwino uja?"

"Mulibemo namwino."

"Ana awo amapasa aja?"

A Wakomoka anangopukusa mutu. Mayi anayang'anabe pakanema mpaka mayina anatha kukwera. Kenako anavula magalasi awo, n'kutsamira kumbuyo, n'kutsinzina.

"Bwezani poyamba. Anthu awa sadziwa kupanga filimu. Yambani inuyo."

Wometa amalumbira kuti tsiku limenelo, kudzera pakhoma, anamva namwino akukwatiwa kawiri.

A Wakomoka anatisiya chaka chatha, m'nyengo yozizira. M'kashopu muja tsopano mukugulitsidwa zikutiro za mafoni, ndipo mawailesi akufa timangowaunjika pansi pa bedi. Mayi maso awo ali bwinobwino, ulusi amalowetsa pasingano popanda wowathandiza. Madzulo amayatsabe kanema, koma mawu amachotseratu, anthu n'kumangoyasama pagalasi ngati nsomba.

Wometa anawafunsa ngati sipika yafa, kuti apeze wina woikonza.

"Isiyeni, achimwene," anatero. "Phokoso lawolo limandisokoneza. Ndimafuna ndiziwamva bwino bambo."

Ifenso tikamadutsa pawindo lawo nthawi imeneyo, timangopezeka tatsitsa mawu.