Chumuni cha a Likoswe

Mwambi mukufunsawu unayamba motere, adzukulu anga, ndipo unayambira ku Thyolo m'nyengo ya chisanu.

Kunali bambo wina dzina lake Likoswe, kapitawo wa pa esiteti ya tiyi. Iyeyu anagula nyumba yakale ya njerwa, yokhala ndi poothera moto pabalaza ndi chumuni chotulukira padenga. Koma chumunicho chinali chong'aluka. Ukasonkha moto, utsi unkabwerera m'nyumba, anthu n'kumatsokomola ngati mbuzi.

Mkazi wake Eneresi anali woyembekezera, ndipo anali atapita kale kuchipatala kukadikira. Tsiku lina apongozi ake aakazi, mayi Nakhumwa, anafika n'kuima poteropo, nkhope atalozetsa kumbali.

"Apongozi," anatero mayiwo, "mwana wanga munamutenga chitengwa, ine sindinakane. Koma khanda silingalowe m'nyumba ya utsi, ndipo silingagone popanda moto kuzizira kuno. Mukapanda kukonza, onse awiri ndipita nawo kwathu."

Likoswe anadziwa kuti mayiwa salankhula kawiri.

M'deralo amisiri odziwa za chumuni analipo awiri okha, munthu ndi mng'ono wake, onse a Mapanga. Wamkulu ankakhala kumtunda, wamng'ono kutsidya kwa mtsinje. Chimwalirire bambo awo sankalankhulana, nkhani yake kulimbirana wilibala imene malemuwo anasiya.

Likoswe anayamba wapita kwa wamkulu. Mkuluyo anabwera ndi makwerero ake, anachotsa malata mbali imodzi ya chumuni, anagumula pong'aluka ponse, n'kuyamba kumanga. Koma kamangidwe kake! Njerwa iliyonse ankaitembenuza, kuiyang'ana, kuiika, kuichotsanso. Dzuwa likafika pamutu ankatsika n'kupita kudimba kwake.

"A Mapanga, kodi sitingafulumireko pang'ono?"

"Bambo, chumuni sichifuna phuma. Mukachithamangitsa chimakubwezerani utsi."

Madzulo ake uthenga unafika woti Eneresi wachira, mwana wamkazi. Likoswe anasangalala, kenako anayang'ana padenga. Anawoloka mtsinje kupita kwa Mapanga wamng'ono.

"Kodi kwa achimwene munapitako?" anafunsa wamng'onoyo.

"Ndikatani kumeneko? Mmisiri amene ndimamudziwa ndinu. Koma muzibwera masana, m'mawa ndimakhala kuntchito."

Wamng'ono atakwera padenga anaona njerwa zatsopano. "Wayamba ndani pano?"

"Ndinayesa ndekha," anatero Likoswe.

"Zikuoneka. Iyi ndi ntchito ya munthu wosadziwa kanthu." Anagumula zonse, anachotsa malata a mbali inayo kuti aziponda bwino, n'kumanga mwaliwiro mpaka m'chiuno.

M'mawa mwake wamkulu anafika, n'kuima pamakwerero akuyang'ana chumunicho.

"Wakhudza ntchito yanga ndani?"

"Ndinati ndikuthandizeniko madzulo."

"Musadzayesenso, bambo. Onani kukhota kwakeku, ngati mwendo wa galu." Nayenso anagumula zonse, ndipo anachotsanso lata lina limene linali litapindika.

Zinapitirira choncho. Chumuni chinkakwera m'mawa n'kugwa masana, kukwera masana n'kugwa m'mawa. Chokhacho chimene chinkakula chinali chibowo cha padenga. Likoswe anasiya kudya. Kuntchito ankangosowa, chifukwa ankayenera kuperekeza wamkulu njira yakumtunda wamng'ono asanatulukire kumtsinje. Anthu akunjenjemera ndi chisanu, iye thukuta lili kamukamu.

Tsiku lotulutsa mwana kuchipatala, kunacha ndi mphepo yachilendo. Pofika masana phiri la Mulanje linali litabisika, mitambo yakuda ikubwera chokwawa pamwamba pa tiyi.

"A Mapanga, nthawi yakudimba yakwana," anatero Likoswe, maso ali kumtsinje.

"Lero kudimba kulibe. Simukuona chiperoni icho? Ndibwezeretse malata, katundu wanu angavumbwe."

"Ndibwezeretsa ndekha, inu pitani!"

"Inu? Amene munakhotetsa chumuni uja?"

Asanayankhe, kunamveka mluzu. Mapanga wamng'ono anatulukira kuseri kwa nyumba, hamala ili m'manja, nayenso akuthamangira kudzabwezeretsa malata. Anayang'ana m'mwamba. Wamkulu anayang'ana pansi. Mluzu unathera pakamwa.

"Ndimadabwa," anatero wamkulu pang'onopang'ono. "Kukhota kuja ndimakudziwa."

"Ndiye ndinu mumagumula ntchito yanga?"

"Ntchito? Imene ija ungaitche ntchito?"

"Abale anga, tamverani," anachonderera Likoswe, "tiyeni tiyambe tafolera, zinazo tikambirana."

Palibe anamumva. Wamkulu anatsika, ananyamula makwerero ake paphewa. "Poti muli ndi mmisiri wanu, amalize."

"Ine sindimaliza nyansi za munthu wina," anatero wamng'ono. "Anayamba ndi iwo, amalize okha."

Wina analowera kumtunda, wina kumtsinje. Madontho oyamba anagwera pamphasa ya pabalaza.

Likoswe anathamangira kumtunda. Anapeza wamkulu atakhala pakhonde.

"Chonde a Mapanga, mwana akufika lero!"

"Pitani kwa mnzanu wa masana."

"Ndibwerekeniko makwerero okha."

"Makwerero anga sakwera munthu wabodza."

Anatsetsereka, anawoloka mtsinje, madzi ali m'mawondo. Wamng'ono sanatsegule n'komwe chitseko, anangoyankhira pawindo. "Ine ndine wa masana, bambo. Pano kwada ndi mitambo, ngati m'mawa. Pitani kwa wa m'mawa."

Chiperoni cha tsikulo sichinali cha mawawa ayi, chinabwera ndi mvula yeniyeni. Likoswe anakweranso kumtunda, anatsikanso, anaterereka n'kugwa m'matope, nsapato imodzi inapita ndi madzi. Ali pakati pa njira anamva kulira kwa galimoto ikulowera kunyumba kwake. Anailondola.

Anapeza galimotoyo itaima pabwalo, anansi atasonkhana pakhonde. Chitseko chinali chotsegula. Madzi akuda bii, osakanikirana ndi mwaye, ankatuluka pakhomo ngati ngalande. Matiresi anali atamwa madzi, ndipo zovala za khanda zimene Eneresi anasoka yekha zinkayandama pabalaza.

Eneresi anasuzumira pawindo la galimoto, mwana atamufungatira. Anayang'ana denga, anayang'ana mwamuna wake, wa nsapato imodzi, matope mpaka m'makutu.

"Bambo a mwana," anatero motsitsa, "n'chiyani chimenechi?"



Mayi Nakhumwa anauza dalaivala kuti asatsitse katundu, atembenuze galimoto. Mayi wina wa pafupi anamumvera chisoni Likoswe, nayandikira pawindo.

"Pepani mayi, musawakwiyire. Amisiri masiku ano ndi osowa. Mwina sanapeze woti awathandize."

Mwamuna wina pakhonde paja analephera kudzigwira. "Sanapeze? Anapeza onse! A Mapanga akumtunda m'mawa, a Mapanga akutsidya masana!"

Mayi Nakhumwa anakonza mpango wawo. Tsiku limenelo anaiwala zoyang'ana kumbali. Anamuyang'ana mkamwini wawo kuyambira kumutu mpaka kuphazi lopanda nsapato, madzi akuchucha m'chibwano mwake, napukusa mutu.

"Mwaona nokha, apongozi," anatero, galimoto ikuyamba kuyenda. "Mapanga awiri avumbwitsa."