Nyamayi wazinga ndani?

Nkhani iyi mkazi wanga amaikamba pa ukwati uliwonse, ndiye bola ndiikambe ndekha, mwina manyazi angachepe.

Zaka zija tinkayenda ndi khadi la chipani m'thumba, ine ndinali kalaliki ku Chileka, batchala wodzimva. Moyo wanga unali wa zitini. Kutsegula bifi ndi kakiyi kake, kutenthetsa pa pulaimasi, mphindi zisanu wakhuta. Ndinkadziona ngati mzungu.

Ndiye ndinafunsira Asiyatu, mwana wa amalonda achisilamu a ku Lirangwe. Amalume ake, Che Amidu, omwe anali ndi sitolo, anatumiza mawu kuti abwera Loweruka kudzaona ngati ndili munthu woti n'kupatsidwa mwana. Iwo akakana, ukwati wafera pomwepo.

Aneba anga, Mayi Nasibeko, anandibweretsera tambala. Anati mlendo wachisilamu umamupatsa nkhuku yamoyo kuti azinge yekha. Ndinawabweza, n'kuwauza kuti zimenezo n'zachikale.

Che Amidu anafika pa njinga dzuwa lili paliwombo, thukuta lili kamukamu, njala ikuonekera m'maso. Ine suti ili m'thupi, ndinawaikira mpunga ndi bifi wanga. Anasamba m'manja, n'kuyang'ana mbale, kenako n'kuyang'ana ine.

"Nyamayi wazinga ndani, bambo?"

M'malo movomera kuti sindikudziwa, pakamwa panga panathamanga. Ndinati ku fakitale kwake kuli shehe amene amazinga ng'ombe zonse. Ndinawonjezanso kuti timadziwana, munthu wabwino kwambiri.

Anapempha chitinicho. Ndinali nditaiwala kuti munthu wa sitolo amawerenga zitini tsiku ndi tsiku. Anachitembenuza pang'onopang'ono, n'kundilozera pamene analemba kuti chachokera kutsidya kwa nyanja.

"Kwa anzanuwa munapita pa njinga, kapena pa ndege za pa Chileka pano?"

Mantha anandigwira, ndinaona kuti Asiyatu akundipulumuka.

Ndinathamangira kwa Mayi Nasibeko n'kugwada. Anati tambalayo anamumasula kale, ndimugwire ndekha poti ndine wamakono. Ndinamuthamangitsa m'munda mwa chimanga, kuseri kwa khola, mpaka pa chulu, taye ikuuluka. Pomudumphira, thalauza inang'ambika kumbuyo, pweee! Che Amidu anaonerera zonsezi ali phee pansi pa mtengo wa mango.

Tambalayo atagwidwa, anazinga okha, Mayi Nasibeko anaphika, tinadya dzuwa litapendeka. Ine ndinkangodikira chigamulo.

Atasamba m'manja, Che Amidu anatembenukira kwa ine.

"Bodza simulitha, nkhuku simutha kugwira, kuphika n'kwa m'chitini. Mwanayo mutengeni msanga, mungatifere."

Ndinapumira m'mwamba, misozi ili lengelenge, n'kuwaperekeza mpaka pa msewu chisoti nditagwirizira kumbuyo.

Chakudya cha mphindi zisanu chinandidyera tsiku lonse ndi thalauza, ndiye aneba akabwera ndi tambala, landirani ndi manja awiri.