Phwando Lolandira Tadala

Lolemba
Tadala wanga akutuluka m'chipatala Lachinayi! Masabata onsewa ali pa diripi. Anabadwa ndi cystic fibrosis, nthenda yodzaza makhololo olimba m'mapapo, ndiye tizilombo tamulowa ulendo uno n'togontha, mankhwala ambiri sitikuwamva. Koma akubwera! Lachisanu amayi onse a kutchalitchi adzamuone. Zofunika: nkhuku, mandasi, mipando, maluwa. Bambo ake chiwachotsereni ku migodi amangokhala, anyamule mipandoyo.

Lachiwiri
Nesi wandikhazika pansi. Akuti wachimfine aliyense asayandikire, chimfine wamba chikhoza kumubweza pa diripi, ndipo mankhwala omwe atsala ndi ochepa. Maluwanso ayi, madzi ake amasunga tizilombo. Ndikuvomera zonse ndi mutu. Koma Mmalawi wobwera kudzazonda wodwala umamubweza bwanji?

Lachitatu
Ndafunsa mwaulemu pa gulupu yapafoni ya amayi a kutchalitchi kuti amene akutsokomola anene. Palibe! Dera lathu lonse la Balga, kuno kudziko la eni, lachira lero. Mayi Phiri a ku Chipata akuti: "Ine ni allergy chabe, mamiyo." Wina walemba: "Mwayamba chizungu eti?"

Lachinayi
Wafika!! Waonda, koma pakamwa mpomwe paja, wanena kale kuti makatani anga ndi oipa. Ndalira. Kenako foni, Amayi busa: "Mawa tidzamusanjika manja mwanayo." Chiganizo chimodzi atsokomola mpaka ndachotsa foni kukhutu. Mandasi ndikukazingabe.

Lachisanu
Bambo ndawaika pa geti. Angoona Amayi busa, avula chipewa, awatsegulira. Mwamuna uyu! Ine ndi liwiro kuchokera kukhitchini, Amayi ali pakhonde, dzanja pachitseko. Kuwakaniza sindingathe. Ndiye ndawakumbatira. Zolimba! Ndikuzungulira nawo, tikubwerera chammbuyo mpaka pa udzu, iwo akutsokomolera m'khosi mwanga. "Mayi a Tadala, chikondi chanji chimenechi?" Ndati tipemphere pompano, kunja kuli kamphepo kabwino. Tadala wangowabayibitsa pawindo.

Loweruka
Gulupu ili zii. Akuti ena adandaula kuti adyera panja ngati pamaliro. Nkhuku komabe sinatsale.

Lamulungu
Ndadzuka kukhosi kukukanda. Kuyetsemula. Bambo, amene geti linawakanika, lero ndiye akhwimitsa lamulo: andisamutsira ku galaja ndi matiresi. Tadala waika tiyi pakhomo, wagogoda, wathawa. "Sorry Mum, malamulo ndi anu omwe."

Ndamudikira masabata onsewa, ndamugwira tsiku limodzi lokha; chikumbatirireni Amayi busa sindinamukhudzenso. Zikundiwawa. Ndakhala pakati pa mipando ya eni ndi makina otchetchera udzu, khutu kukhoma. Tadala akuseka za pa TV uko, akuseka nthawi yaitali, osatsokomola.

Chabwino. Ndikhala konkuno.